Musanakwere basi ya ku Lilongwe: mafunso ndi mayankho kwa ofuna kukakhazikika mumzinda

Ndinafika ku Lilongwe ndili mnyamata, ndi chikwama chimodzi komanso ufa wa m'thumba la feteleza umene mayi anandikonzera kwathu ku Ntchisi. Chipezereni panga pokhala, pakhomo panga pagona ana a achimwene, ana a achemwali, anyamata a m'mudzi mwathu ndi ena amene anangopatsidwa nambala yanga. Ena anakhazikika, ena anabwerera. Mafunso ali m'munsimu ndi amene iwo amandifunsa pa foni asananyamuke, kuphatikizapo ena amene ndimalakalaka akanandifunsa nthawi ikadalipo.

Kodi Lilongwe ndi wamkulu bwanji, nanga ma Area amenewa amayenda motani?

Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu 989,318 mumzinda wa Lilongwe, pamene Blantyre anali ndi 800,264. Koma chimene chimasokoneza mlendo kwambiri ndi kumwazikana kwa mzindawu. Likulu la dziko litasamuka ku Zomba mu 1975, linadzakhazikika mumzinda wa zigawo zotalikirana, pakati pake pali madambo, minda ndi tchire. Ku Old Town ndiye kuli depoti, msika waukulu, Bwalo la Njobvu ndi msewu wa Malangalanga. Maunduna a boma ali ku Capital Hill, maofesi ndi mabanki ambiri ali ku City Centre, mafakitale ndi okushoni ya fodya zili ku Kanengo, kumpoto m'mbali mwa msewu wa M1. Munthu wa kuno akanena kuti "ndili m'tauni" amatanthauza ku Old Town, osati ku City Centre. Alendo ambiri ataya tsiku lathunthu akudikirira m'bale wawo pamalo olakwika chifukwa cha mawu amenewa.

Manambala a ma Area satsatana. Area 24 ili chakumwera, Area 25 ili kumpoto, ndipo kuchoka kwina kupita kwinako ndi maminibasi awiri, kusinthira m'tauni. Madera ena amadziwika ndi mayina: Kawale, Biwi, Mchesi, Chilinde, Chinsapo, Mtandire, Mgona, Senti, Kauma. Munthu akangokuuzani kuti amakhala ku 25 kapena ku 49, musakhutire. Mufunseni sekitala yake, siteji yotsikira, ndi chinthu chodziwika chapafupi, kaya ndi tchalitchi, chigayo kapena sukulu.

Ndili ndi m'bale wanga kumeneko. Kodi ndingafikire kwa iye?

Ambiri tinayamba choncho, ndipo palibe cholakwika. Cholakwika ndi kungotulukira pakhomo ndi chikwama eni ake asakudziwa. Imbani foni, ndipo musalankhule ndi m'bale wanu yekhayo. Pemphani kulankhulanso ndi alamu anu, chifukwa amene akavutike ndi kugawa ndiwo ndi kupeza pokugonekani nthawi zambiri ndi iwowo. Nenani chimene mukudzera komanso masabata amene mukuganiza kuti mudzakhala. Nthawiyo ikakwana zinthu zisanatheke, yambitsani nkhaniyo ndinu, musadikire kuti nkhope za pakhomo ziyambe kusintha.

Kumudzi mlendo amangowonjezera dzanja m'mbale, nkhokwe ili pomwepo. Kuno mlendo mmodzi ndi ndowa zina za madzi ogula, sopo wina, makala ena, mayunitsi ena a magetsi. Malandilodi ena amagawa bilu ya madzi powerenga mitu ya anthu a m'nyumba iliyonse, choncho kufika kwanu kumakweza gawo la m'bale wanu mwezi womwewo. Nyumbayonso mwina ndi ya chipinda chimodzi ndi balaza, ana amagona pabalazapo, ndipo inu mukudzatenga malo awo.

Musabwere chimanjamanja. Ufa, nyemba, mtedza, mfutso, nkhuku imodzi ngati ilipo: zinthu zimene kumudzi zimaoneka wamba, kuno zimasunga banja masabata angapo. Mukafika, gwirani ntchito za pakhomo musanauzidwe, bwererani kunyumba kusanade, ndipo musaitane anzanu kudzadya. Makolo anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ubale wambiri umene ndauona ukusweka kuno unasweka chifukwa mame anakana kukamuka, ndipo mwini nyumba anachita manyazi kunena.

Nyumba ya lendi ndingaipeze bwanji osaberedwa?

Nyumba zotchipa zimapezeka ndi miyendo. Yendani m'dera limene mwasankha chakumapeto kwa mwezi pamene anthu akusamuka, mufunse amayi a pa kiyosiki ya madzi, ogulitsa pa okala ndi anyamata a kabaza. Iwowa amadziwa nyumba imene yatsala yopanda munthu, komanso landilodi amene sakhalitsa ndi alendi.

Ma ejenti alipo, ndipo ena ndi achilungamo, koma chenjerani. M'chaka changa chachiwiri ndinapereka lendi ya miyezi itatu kwa bambo wina amene anandionetsa nyumba, kiyi ali naye m'manja. Tsiku losamuka ndinapeza banja lina likulowetsa katundu m'nyumba yomweyo, nalonso litalipira kwa munthu yemweyo. Anali mlendi wakale amene sanabweze kiyi. Ndalama imene ndinaisunga kwa theka la chaka inapita tsiku limodzi, ndipo mpaka lero ndikakumbukira mayi wa banja lija atakhala pa mtolo wa ziwiya akulira, mtima umandiwawa. Choncho musapereke ndalama musanaonane ndi landilodi maso ndi maso, ndipo aneba awiri akutsimikizireni kuti nyumbayo ndi yakedi.

Malandilodi ambiri amafuna lendi ya miyezi itatu polowa. Lemberanani, ngakhale mukope la sukulu: ndalama ya pamwezi, tsiku lolipira, kutalika kwa notisi, amene adzakonze denga likadontha, ndi kagawidwe ka bilu ngati mita ndi imodzi. Nthawi iliyonse mukalipira, asaine. Mukalipira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, uthengawo musaufufute.

Musanavomere, kaoneni chimbudzi. Funsani kuti chimagwiritsidwa ntchito ndi mabanja angati, ndipo suzumirani muone ngati chatsala pang'ono kudzaza. Tsekani chitseko masana muyang'ane kudenga; pamene pakulowa kuwala, mvula idzalowanso pomwepo. Yang'anani m'munsi mwa khoma ngati muli mzere wa chinyezi, makamaka ngati nyumbayo ndi ya zidina. Nyumba ya m'mbali mwa mtsinje kapena m'dambo imaoneka bwino mu Ogasiti ndipo lendi yake imakhala yotsika pa chifukwa chake. Mu Febuluwale 2017 mtsinje wa Lingadzi unasefukira n'kuwononga nyumba ku Mtandire, ndipo madera otsika a ku Kawale, Biwi ndi Kaliyeka nawonso anaonapo madzi m'nyumba. Funsani aneba kuti madzi amafika pati mu Januwale.

Ndi dera liti lotchipa?

Funso limeneli ndimaliyankha ndi funso linzake: mukagwira ntchito kuti? Lendi yotsika ya kutali imabwezedwa ndi ndalama ya minibasi. Munthu wogwira ntchito ku Kanengo akakhala ku Chinsapo kapena ku Area 36, amakwera maminibasi anayi patsiku, awiri popita, awiri pobwerera. Chulukitsani ndalama imeneyo ndi masiku 26, muiphatikize ndi lendi, ndiye mudziwa mtengo weniweni wa nyumbayo. Nthawi zambiri mupeza kuti nyumba yokwererako mtengo ku Area 25, Mgona kapena Senti, kumene angayende wapansi kapena panjinga, ndi imene ikumusiyira kangachepe m'thumba.

N'chifukwa chake madera a anthu ovutika anamera m'mphepete mwa madera a anthu opeza bwino. Mtandire wagundana ndi Area 47, Kauma ali kuseri kwa nyumba za mipanda za ku Area 12 ndi madera oyandikana nawo. Alonda, ogwira ntchito za m'nyumba ndi osamalira maluwa amadzuka m'mamawa n'kuyenda wapansi. Ngati muli ndi njinga kumudzi, bwerani nayo. Mtengo wa minibasi umakwera mafuta akasowa, umakwera mvula ikagwa, umakweranso madzulo anthu akachuluka pa siteji. Funsani kondakitala mtengo musanakwere, ndipo musalole oitanira kukulandani chikwama m'manja.

Ndinyamule ndalama zingati?

Nambala iliyonse imene ndingalembe pano ikhala itatha ntchito miyezi ingapo ikubwerayi. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya m'misika yakhala ikukwera chikwerere. M'bale wanu amene anachoka kuno zaka zitatu zapitazo akakuuzani mtengo wa lendi, akukuuzani mbiri yakale. Funsani munthu amene ali kuno sabata yomwe mukunyamukayo.

Chimene sichisintha ndi kawerengedwe kake. Mufunika lendi yolowera, chakudya ndi mayendedwe a miyezi iwiri, chifukwa ngakhale mutapeza ntchito tsiku lofika, malipiro oyamba amabwera mwezi ukatha. Mufunikanso mphasa kapena matiresi, mbaula, mapoto awiri, ndowa, beseni ndi loko wabwino. Pamwamba pa zonsezi, patulani ndalama ya basi yobwerera kwanu, muisunge padera ndipo musaikhudze ngakhale njala itawawa bwanji. Ndalama zambiri musaziyendetse m'thumba. Ziikeni mufoni kapena kubanki.

Za katapila ndinene mosabisa: musayandikireko. Ngongole yobweza ndi theka lake pamwamba mwezi ukatha siitha, imangobereka inzake. Mukazolowerana ndi anthu odalirika, lowani chipereganyu kapena banki m'khonde.

Ndi mapepala ati ofunika kunyamula?

Choyamba ndi chiphaso cha unzika cha NRB, chimene chinayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2017 kwa aliyense wa zaka 16 kupita m'tsogolo. Popanda chimenechi simungalembetse nambala ya foni, kutsekula akaunti kubanki, ngakhale kulembedwa ntchito m'makampani ambiri. Tengani satifiketi ya MSCE kapena JCE, mapepala a luso lililonse limene munaphunzira, laisensi ngati mumayendetsa galimoto, buku la kuchipatala, kalata yosamukira ya kumpingo, ndi kalata ya amfumu kapena ya amene munawagwirirapo ntchito yokuchitirani umboni. Pofunsira ntchito perekani mafotokope okha, enieniwo azikhala ndi inu. Ajambuleninso pa foni.

M'maofesi operekera mapepala mumakhala madobadoba olonjeza kukufulumizitsirani zinthu. Lowani nokha, imani pamzere, lipirani pa kauntala, landirani lisiti.

Kodi ntchito ikapezeka?

Ndiyankhe monga ndimayankhira ana a achimwene anga: ntchito ya pamwezi ndi yosowa, ndipo achinyamata a madigiri akuyenda ndi maenvulopu chaka ndi chaka. Ambiri amene mumawaona atavala bwino pa Khrisimasi kumudzi amadalira geni, maganyu a pa zomangamanga, ulonda, kabaza kapena ntchito za nyengo. Ku Kanengo makampani a fodya amalemba anthu ambiri msika wa fodya ukatsegulidwa cha mu Epulo, koma nyengo ikatha ntchitonso imatha. Amene amapeza pogwira msanga ndi a luso la m'manja: omanga, akalipentala, owotcherera zitsulo, amakaniko, atelala, okonza mafoni, oluka tsitsi. Mukadutsa ku Mchesi muona mmene matabwa ndi zitsulo zikudyetsera mabanja. Ngati mulibe luso lililonse ndipo zaka zikukulolani, chaka chimodzi chophunzira ntchito kudzera ku TEVETA kapena kwa mmisiri wa kwanu komweko chidzakupindulirani kuposa chaka choyendayenda m'maofesi kuno.

Ntchito yeniyeni sagula. Aliyense wokuuzani kuti mutumize ndalama ya fomu, ya yunifolomu kapena ya "kuwaona abwana" musanayambe ntchito, akufuna kukuberani. Ena amalemba zotsatsa zooneka bwino pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndi chizindikiro cha bungwe lodziwika. Pitani ku ofesi ya bungwelo mukafunse.

Mukalembedwa, dziwani kuti lamulo la Employment Act la mu 2000 limakutetezani ngakhale abwana anu atakhala munthu wamba. Muyenera kupatsidwa zolembedwa zofotokoza ntchito yanu ndi malipiro ake. Sabata ya ntchito ndi ya maola osapitirira 48, owonjezera amalipiridwa padera. Tchuthi cha pachaka ndi masiku 18 kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi pasabata, ndi masiku 15 kwa wogwira masiku asanu. Boma limaikanso malipiro otsikitsitsa: mu 2021 anali K50,000 pamwezi, mu 2024 anafika pa K90,000, ndipo amasinthidwa nthawi ndi nthawi, a ntchito za m'nyumba amakhala ndi mlingo wawo. Mukachotsedwa popanda chifukwa kapena kumanidwa malipiro, yambirani ku ofesi ya Labour. Zikakanika kumeneko, kuli khoti la Industrial Relations.

Munthu wina akufuna kutenga mwana wathu wamkazi kuti akagwire ntchito ya m'nyumba. Timulole?

Funso ili limandikhudza kuposa onse, chifukwa amene amapita sakhala amene wafunsa. Ngati mwanayo ali pasukulu, yankho langa ndi ayi. Lonjezo loti "tikamuphunzitsa konko" ndalimva kambirimbiri, ndipo ana amene ndawaona akupitadi kusukulu ndi owerengeka. Ambiri amadzuka 4 koloko, amagona mochedwa kuposa onse, sukulu n'kuthera pomwepo. Lamulo limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo wosakwana zaka 18 saloledwa kugwira ntchito yomuika pachiopsezo kapena yomulepheretsa sukulu.

Ngati ndi wamkulu ndipo akufuna yekha, mmodzi wa m'banja amuperekeze akaone nyumbayo ndi maso. Dziwani dzina lenileni la abwanawo, kumene amagwira ntchito, ndi nambala ya foni yoposa imodzi. Mtsikanayo akhale ndi foni yakeyake, chiphaso chake chikhale m'manja mwake, malipiro azilandira yekha mwezi ndi mwezi. Zoti "tikukusungira, udzatenga pobwerera" zathera m'misozi nthawi zambiri. Adziwenso m'bale kapena munthu wa kumpingo wapafupi amene angathawireko usiku zinthu zikavuta. Pa polisi pali nthambi ya Victim Support Unit, ndipo nkhani za ana zimanenedwa pa nambala yaulere ya 116.

Chenjeraninso ndi olonjeza ntchito za kunja kudzera ku Lilongwe. Amayi ambiri a Chimalawi anatengedwa kupita ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino, n'kukapezeka atalandidwa mapasipoti, akugwira ukapolo m'nyumba za anthu. Dziko lino lili ndi lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu la mu 2015, koma lamulolo limagwira ntchito munthu atavutika kale.

Nanga ndikafuna kuyamba geni?

Yambani mwaonerera. Khalani sabata imodzi kapena ziwiri pa msika umene mukuufuna, kaya ndi wa Tsoka, Lizulu, Wakawaka, Nsungwi kapena wa m'dera lanu, muone chimene chikuyenda, nthawi imene katundu amafika, ndi amene amagawa malo. Msika uliwonse uli ndi komiti yake, ndipo khonsolo imadulitsa chiphaso cha tsiku. Kugulitsa m'mbali mwa msewu kumabweretsa makasitomala ambiri, koma tsiku limene akhonsolo ndi apolisi asesa mavenda, mpamba wonse umatha.

Mwayi wanu waukulu ndi kwanu kumene mukuchokera. Ngati mumadziwa alimi a mbatata, tomato, nyemba kapena nkhuku, ndipo amakukhulupirirani, muli ndi chimene wobadwira m'tauni alibe. Musaike mpamba wonse pa ulendo woyamba, ndipo ndalama ya geni isasakanikirane ndi ya ndiwo.

Madzi, magetsi ndi zophikira zimayenda bwanji?

Madzi a m'mipope amachokera ku Lilongwe Water Board, amene amawatenga mumtsinje wa Lilongwe, wochokera m'nkhalango ya Dzalanyama kudzera m'madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde. M'madera ambiri a anthu wamba mpope sufika pakhomo. Mumagula pa kiyosiki ndowa imodziimodzi, ndipo kiyosikiyo ili ndi nthawi yotsegula ndi yotseka. M'miyezi yotentha madzi amatha kubwera usiku wokha, choncho chigubu chosungira madzi ndi chofunika ngati poto.

Madzi akasowa anthu amathamangira ku zitsime zosaya, zimene m'madera othithikana zimakumbidwa pafupi ndi zimbudzi. Apa ndi pamene kolera amalowera. Mliri umene unayamba mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha matendawa. Madzi a pachitsime aphitseni kapena athireni kolorini. Munthu akayamba kutsekula m'mimba kwa madzimadzi, mupatseni Thanzi ORS muli m'njira yopita kuchipatala. Kolera samadikira kuti kuche.

Magetsi a ESCOM ndi ogula mayunitsi, akatha amazima okha. Ambiri amapangidwa pa mtsinje wa Shire ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, choncho vuto la kumeneko limafika m'nyumba mwanu. Namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, tinakhala miyezi yambiri magetsi akuzima maola ochuluka tsiku lililonse. Ngati mita ndi yogawana, gwirizanani msanga za ayironi, hotipuleti ndi ketulo, chifukwa mikangano yambiri ya pa lendi imayambira pamenepo. Mabanja ambiri amaphikira makala, amene ndi okwera mtengo ndipo akumaliza nkhalango ya Dzalanyama yomwe imatipatsa madzi. Mukakwanitsa kugula kasilinda ka gasi, gulani. Mbaula yoyaka musagone nayo m'nyumba yotseka m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye. Utsi wake wosaoneka wapha mabanja ali m'tulo.

Kodi n'zoona kuti m'tauni ndi moopsa?

Anthu ambiri a kuno ndi abwino, ndipo adzakulozerani njira mukafunsa. Safunsa anadya phula. Koma sankhani womufunsa: mayi wogulitsa pa benchi, wa m'shopu, wapolisi, osati munthu amene wakuyandikirani yekha. Pa depoti, pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe ndi m'misika yothithikana, foni ikhale m'thumba la kutsogolo. Yesetsani kufika kukuwala, ndipo wokuchingamirani akhale atafika kale. Madzulo pewani njira zachidule za m'madambo ndi m'minda ya chimanga.

Akuba ambiri masiku ano amabwera pa foni. Wina aimba kuti watumiza ndalama molakwika, mumubwezere. Wina akuti mwawina mphoto. Wina akuti mwana wanu wagonekedwa kuchipatala. Onani balansi yanu nokha, imbirani m'bale wina kuti mutsimikize, ndipo nambala yanu yachinsinsi musauze aliyense, ngakhale atanena kuti akuimba kuchokera ku kampani ya foni.

Za vakabu, dziwani izi: mu Januwale 2017 khoti lalikulu linagamula kuti ndime ya lamulo imene apolisi ankamangira munthu pongomuganizira chifukwa cha malo ndi nthawi imene wapezeka, ikutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Mlanduwo unayamba ndi wogulitsa majumbo wa ku Blantyre amene anamangidwa mbandakucha akupita ku geni yake. Komabe yendani ndi chiphaso, yankhani mwaulemu, ndipo belo ya kupolisi ndi yaulere. Wosowa ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau.

Ndikadwala ndipite kuti?

Yambirani pa chipatala chaching'ono cha m'dera lanu, monga cha ku Kawale, Area 18 kapena Area 25, kapenanso ku Bwaila m'tauni. Kamuzu Central ndi chipatala cholandira odwala otumizidwa ndi zipatala zina. Za boma ndi zaulere, koma lawirirani chifukwa mizere ndi yaitali, ndipo sungani kangachepe kogulira mankhwala akasowa. Za mishoni monga cha Likuni ndi zolipira.

Ngati mumalandira ma ARV, mankhwala a TB, a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi, musanyamuke musanatenge kalata yosamukira ku chipatala chanu ndi mankhwala okwanira kufikira mutalembetsa kuno. Zipatala za ma ARV za Lighthouse ku Kamuzu Central ndi Martin Preuss ku Bwaila zimalandira osamuka. Ndaona anthu akudumphitsa mankhwala chifukwa choopa kuti a pakhomo pamene afikira awaona akumwa. Moyo wanu ndi woposa manyazi amenewo. Neti ya udzudzu bweraninso nayo. Malungo kuno aliko.

Ndibwere ndi banja lonse nthawi imodzi?

Ngati n'kotheka, tsogolani nokha, mupeze pogona ndi pogwira, kenako mukatenge banja. Koma musatalikitse. Mabanja ambiri atha chifukwa miyezi itatu inasanduka zaka zitatu.

Ana asamuke teremu ikatha, ali ndi kalata ya kusukulu yawo yakale. Pulayimale ya boma ndi yaulere chiyambire 1994, ndipo makalasi a m'tauni ndi odzaza kwambiri. Mwana amene ali mu Sitandade 8 ndi bwino amalize mayeso kumene analembetsa.

Ndamva kuti mapuloti ndi otchipa m'mphepete mwa mzinda. Ndigule?

Osati chaka choyamba. Puloti imodzi imatha kugulitsidwa kwa anthu atatu, ndipo malo ena amene akugulitsidwa ndi a boma, a msewu, kapena a banja limene silinagwirizane zogulitsa. Musanapereke ndalama, kafufuzeni ku khonsolo ya mzinda, ku unduna wa za malo, kapena ku Malawi Housing Corporation ngati malowo akuti ndi awo. Ngati ndi malo a makolo, onanani ndi amfumu enieni a deralo ndi abale onse a wogulitsayo, mulemberane pamaso pa mboni. Nyumba zomangidwa pamalo osaloledwa zimagwetsedwa, ndipo wogulitsa uja sapezekanso.

Kodi m'tauni mulinso mafumu? Nanga maliro amayenda bwanji?

Alimo. M'madera ambiri muli mafumu kapena mabuloko lida, ndipo mukangolowa m'nyumba, pemphani landilodi akuperekezeni mukadziwike. Kuli ndalama ya maliro, kwina kulinso ya achitetezo a m'dera oyendera usiku. Perekani, ndipo maliro akachitika pafupi, pitani mukakhale nawo ngakhale simunamudziwe malemuyo. Anthu amaona.

Perekani kalata yanu kumpingo kapena mukadziwike kumzikiti sabata zoyambirira, mulowe mumphakati kapena m'gulu la m'dera lanu. Funsaninso ngati anthu ochokera kwanu ali ndi bungwe lawo kuno. Zimenezi zimaoneka zosafulumira kufikira tsiku limene zovuta zagwa. Bokosi, galimoto yonyamula thupi kupita ku Ntchisi, ku Mulanje kapena ku Karonga, chakudya cha anthu ogona pa siwa, zonsezi banja limodzi la pa lendi silingazikwanitse. Amene amasonkha ndi anthu amene anakuonani pa maliro a anzawo. Ambirinso amapeza ntchito ndi nyumba kudzera mwa anthu omwewa.

Munda wakumudzi ndiugulitse kuti ndipeze mpamba?

Ayi. Gulitsani mbuzi, gulitsani mbewu, koma munda usiyeni. Ubwerekeni kwa m'bale wodalirika pamaso pa amfumu, kapena muzitumiza feteleza azikulimirani. Matumba angapo a chimanga ochokera kwanu mu Meyi amachotsa theka la nkhawa za m'tauni, makamaka mu Januwale ndi Febuluwale pamene mtengo wa chimanga umakwera ndipo mabanja amagula ufa wa wokumani wophika kamodzi. Ntchito ikatha, matenda akabwera, ukalamba ukafika, landilodi sadikira. Munda ndiwo umadikira.

Kumudzi adzayamba kukuimbirani mwezi woyamba womwewo, poganiza kuti mwafika pa ndalama. Auzeni zoona za malipiro anu ndi lendi yanu kuyambira pachiyambi. Sankhani chimene mungakwanitse, kaya ndi fizi ya mwana mmodzi kapena thumba la feteleza pachaka, muzichichita mokhulupirika, m'malo molonjeza aliyense n'kumazimitsa foni.

Zikakanika, ndidziwa bwanji kuti nthawi yobwerera yakwana?

Dziikireni malire musananyamuke, muuzeko munthu mmodzi amene angakukumbutseni. Ine ndimauza achinyamata a kwathu kuti abwere akakolola, cha mu Meyi kapena Juni, adziyese mpaka Okutobala. Ikafika nthawi yososa ndi kugalauza m'munda mulibe ntchito, mulibe geni yoyenda, mwayamba kugulitsa foni ndi nsapato kuti mudye, tengani ndalama ya basi ija mukalime. Mukachedwa mpaka Disembala mwataya zonse ziwiri, tauni ndi dzinja lomwe.

Mwana wa achemwali anga anabwerera kawiri. Ulendo wachitatu anabwera ataphunzira kuwotcherera zitsulo pa boma, ndi makina ake ogula ndi ndalama ya soya. Pano ali ndi shedi yake ku Area 25, amapanga mageti ndi mafelemu a mawindo, ndipo chaka chino watenga mng'ono wake kuti azimuphunzitsa ntchito.